Lachinayi sititseka holo

Kalata ija anaiwerengera pa sinki, manja ali thovu lokhalokha. Ine ndinawagwirira pepalalo patsogolo pa nkhope, iwo n'kumatsinzina diso limodzi chifukwa magalasi anali atawasiya m'galimoto. Anawerenga mpaka pamene panalembedwa kuti asankhidwa kukalandira mphoto ya anthu odzipereka, nkhope osasintha. Atafika pa tsiku la mwambo anaima.

"Lachinayi, 7 koloko madzulo," anatero. "Ndiye kuti sindipita."

Anabwerera ku makapu awo.

Amenewa ndi mayi wachizungu wa zaka 79 amene ine ndinawapatsa dzina lakuti Agogo a Makiyi. Mpukutu wa makiyi awo ndi wolemera ngati wa mlonda wa ku banki: ya chitseko cha holo, ya kabati ya mabisiketi, ya kachipinda kosungira mipando, ndi ena atatu amene ngakhale eni akewo anaiwala chimene amatsegula. Kuyambira 1989 ndi iwo amene amatsegula holo ya tchalitchi china mumzinda umene ndikukhala kuno ku England, Lachinayi lililonse hafu pasiti 5, kuyatsa mahita ndi kutereka ketulo yaikulu gulu lisanafike. Gululo ndi la anthu akuluakulu pafupifupi 25. Wamng'ono ali ndi zaka 19, wamkulu anapitirira 60. Amalipira mapaundi awiri pakhomo. Timamwa tiyi, timasewera bingo ndi pool, ena amajambula, ndipo mphindi 20 zomaliza ndi za gule. Basi. Ukamafotokozera munthu zimamveka zochepa, koma kwa ena mwa iwo limeneli ndi tsiku lokhalo pa sabata limene amatuluka m'nyumba madzulo kupita kumalo kumene palibe amene walipidwa kuti awamwetulire.

Kuno anthu amenewa amati ali ndi learning disability. Mawuwa amasocheretsa ukawatembenuza, chifukwa wina angaganize za mwana amene masamu amamuvuta kusukulu. Sizimenezo ayi. Akunena munthu amene ubongo wake, kuyambira pobadwa kapena ali mwana, umagwira zinthu pang'onopang'ono ndipo adzakhala choncho moyo wake wonse. Kuwerenga chenji, kukwera basi yekha, kumvetsa zimene dokotala akunena, zonsezi amafuna wina pambali, ena pang'ono, ena kwambiri. Ena ndi a Down syndrome, ulumali umene munthu amakhala nawo kuyambira m'mimba, ena anabanika pobadwa, ena anadwala ali aang'ono. Bungwe la Mencap, loimira anthu amenewa, limati m'dziko lonse la UK alipo pafupifupi 1.5 miliyoni. Si misala. Ndikutsindika chifukwa kwathu timaunjika zonse m'dengu limodzi n'kumati "mutengereni ku Zomba". Mawu aulemu amene ndinkamva pa wailesi ndi akuti ulumali wa mu ubongo, kapena ana ovutika kuphunzira. Amene ndinakula ndikumva pabwalo ndi ena: chidzete, wozerezeka, wopepera, "mutu sukoka". Ndimawadziwa onse chifukwa ankanenera mlongo wanga.

Mlongo wangayo ndi amene anandiponda pamutu. Anabadwa mu 1988 ali bwinobwino, kumudzi kwathu ku Salima. Ali ndi zaka zitatu malungo anamupita kumutu. Anakhala chikomokere masiku angapo kuchipatala, ndipo atatsitsimuka sanalinso mwana yemwe uja. Timawu timene ankadziwa tinathawa, kuyenda anachita kuphunziranso, kenako anayamba kugwa khunyu. Anamwino anafotokoza bwinobwino kuti ndi malungo, koma kumudzi nkhani inali ina. Bambo anali ndi kagolosale, ndiye anthu sanavutike kupeza yankho: amukhwimira mwana kuti malonda ayende. Golosaleyo inagwa, bambo anamwalira alibe ndi njinga yomwe, koma mbiriyo ikadalipo mpaka lero.

Pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere mu 1994, amayi anamutengera ku Sitandade 1 pamodzi ndi chikhamu cha ana a m'mudzi. Kalasi inali pansi pa mtengo, ana oposa 100, mphunzitsi mmodzi. Anakhala mu Sitandade 1 zaka zitatu. Kenako aphunzitsi, mwaulemu ndithu, anauza amayi kuti angomusunga pakhomo. Aphunzitsi a ana ngati iye amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, koma ife zimenezo tinadzazimva titakula.

Ine ndinabwera kuno mu 2022, boma la UK litangotsegula njira ya viza kwa osamalira okalamba ndi odwala. Ndimagwira shifiti ya usiku, maola 12, ku nyumba ya okalamba. Mnzanga wa ku Zimbabwe amene timagwira limodzi ndiye anandikokera ku holoko, ati akusowa wothandiza kukhitchini. Ndinamufunsa kuti amalipira zingati pa ola. Atandiuza kuti ndi zaulere ndinaseka mpaka misozi. Ine ndasiya ana anga ku Lilongwe kudzasaka ndalama, ndiye pa tsiku langa lopuma ndikagwirenso ntchito yomweyo popanda khobidi? Ndinapita kamodzi kuti asiye kundivutitsa. Pakhomo ndinakumana ndi bambo wamfupi wa zaka za m'ma 40, wa Down syndrome, atanyamula mipando iwiri. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kundiuza kuti ndachedwa, ndipo kuti chikwama sitiika pa tebulo la bingo. Mmene anapendeketsera mutu polankhula ndi mmene mlongo wanga amachitira ukamusokonezera zinthu zake. Sabata yotsatira ndinadzaza mafomu a DBS, aja ofufuza ngati unapalamulapo mlandu, amene kwa mavolontiya salipiritsa.

Bambo amenewo ndimawatchula kuti a Kapitawo, ndipo "a" ameneyo ndimamuika dala. Mlongo wanga ali ndi zaka 36, imvi zayamba kumera, koma kamwana ka zaka 6 kumudzi kamamuitana kuti "iwe". Anzake obadwa nawo chaka chimodzi ndi abambo a uje, ena ndi akuluampingo. Iye adakali "iwe". Ngakhale ine ndimatero, ndipo ndinadzazindikira ndili kuno, nditamva Agogo akudzudzula volontiya wina wachinyamata amene ankalankhula ndi bambo wa zaka 58 ndi kamawu konyengerera khanda. A Kapitawo amafika hafu pasiti 5 limodzi ndi Agogo. Amatulutsa mipando 30, amayala matebulo 6, amadziwa amene amamwa tiyi wa masupuni awiri ndi amene dokotala anamuletsa shuga. Pomaliza amabwezera zonse m'kachipinda, mipando isanuisanu, ndipo ukasanjikiza wachisanu ndi chimodzi amakutsitsitsa. Achita zimenezi zaka 11.

Mbiri ya Agogo ndinaimva zidutswazidutswa, pa sinki pomwepo, chifukwa achikulire a kuno sakhuthula za kumtima nthawi imodzi. Mwana wawo wamwamuna anabadwa mu 1966 ali ndi Down syndrome. Dokotala anawauza kuti amusiye konko, apite kunyumba akabereke wina. Nthawi imeneyo sizinali zachilendo. Kunja kwa mizinda kunali zipatala zikuluzikulu kumene anthu otere ankalowa ali ana n'kudzatuluka ali m'bokosi. Chaka chotsatira, mu 1967, nyuzipepala ina inaulula nkhanza za ku chipatala cha Ely ku Cardiff, ndipo lipoti la 1969 linatsimikiza zambiri mwa izo. Agogo amati iwo sanadikire lipoti, anangokulunga mwana wawo m'shawelo n'kutuluka naye. Lamulo la nthawiyo linkalola kuti ana ngati iye alembedwe kuti ndi osaphunzitsika. Linasinthidwa mu 1970, n'kuyamba kugwira ntchito mu April 1971, chaka chimene mwanayo ankakwanitsa zaka 5. Nditamva izi ndinaima ndi kapu m'manja. Ine ndinkayesa kuti "ingomusungani pakhomo" ndi mawu a kwathu kokha, obwera ndi umphawi.

Makalabu ngati athuwa anayambitsa ndi makolo otopa. Mencap yomweyo inayamba mu 1946 ndi kalata. Mayi wina dzina lake Judy Fryd, atasowa sukulu yosunga mwana wake wamkazi, analembera magazini ya Nursery World kufunsa ngati kuli makolo ena amene ali m'mavuto omwewo, ndipo anamuyankha ambirimbiri. Mu 1966 kunayamba makalabu a Gateway kuti anthuwa azikhala ndi kokacheza madzulo. Judy Fryd anamwalira mu 2000, nkhope yake n'kudzaikidwa pa sitampa ya Royal Mail mu 2009, mwini wake ali kuli chete. Yathuyi kalabu si ya bungwe lalikulu lililonse. Agogo anaiyamba ndi amayi ena atatu ana awo atamaliza sukulu n'kupezeka kuti alibe kopita. Amayi atatuwo onse anatsogola. Mwana wa Agogo nayenso anamwalira mu 2011 ali ndi zaka 45. Akale a m'kalabumo amati Lachinayi lotsatira maliro holo inatsegulidwa hafu pasiti 5.

M'khitchini muli bolodi la zithunzi, ndipo Agogo akhoza kukulozera mmodzimmodzi amene anapita. Ambiri sanafike zaka 65. Malipoti a LeDeR, amene amafufuza imfa za anthu amenewa ku England, akhala akusonyeza kuti amafa msanga ndi zaka pafupifupi 20 poyerekeza ndi anthu ena, ndipo zambiri mwa imfazo ndi zoti zikanapewedwa. N'chifukwa chake Agogo ali ndi khalidwe limene poyamba ndinkaliona ngati kulowerera za eni. Amafunsa aliyense ngati chaka chino wapita kukapimidwa kwa dokotala. Amaona amene waonda, amene wavala malaya omwewo masabata atatu, amene wasiya kuvina. Ataonera pa BBC mu 2011 nkhanza za ku Winterbourne View, chipatala chosungira anthu otere kufupi ndi Bristol, anaika lamulo lakuti wantchito amene waperekeza munthu ku kalabu asakhale naye tebulo limodzi. Akhale kumbuyo amwe tiyi wake, mwini wakeyo apeze mpata wolankhula ndi anthu ena. Ine monga wantchito wolipidwa lamulo limeneli linandiwawa nditangolimva. Pano ndimalikonda.

Fomu yowasankhira mphotoyo ndinadzaza ndine. Ganizo linachokera kwa msungichuma wa komiti, ndipo sanabise chifukwa chake. Lendi ya holo yakwera, magetsi akwera, ndipo makhonsolo ambiri ali pa moto. Birmingham inalengeza mu September 2023 kuti ndalama sizikukwana, Nottingham n'kutsatira mu November. Ukamapempha thandizo ku mabungwe, iwo anatero, kalata imene pamwamba pake pali chizindikiro cha mphoto imawerengedwa mpaka pansi. Kuno mphoto za odzipereka zilipo za misinkhumisinkhu. Yapamwamba kwa magulu ndi King's Award for Voluntary Service, imene inayamba mu 2002 Mfumukazi Elizabeth itakwanitsa zaka 50 pampando, nthawi imeneyo ikutchedwa ya Mfumukazi. Masiku ano opambana amalengezedwa pa 14 November, tsiku lobadwa la Mfumu Charles. Amalandira chikho chagalasi ndi satifiketi yosainidwa ndi mfumuyo, ndipo awiri a m'gulumo amaitanidwa ku phwando la panja kunyumba yachifumu. Munthu payekha angalandire mendulo ya BEM, imene anaiukitsa mu 2012. Ife tinayambira pansi, ndi ya mumzinda mwathu, yoperekedwa kumayambiriro kwa June pamene kuno kumakhala sabata ya mavolontiya.

Funso lina pa fomupo linkati: munthuyu wapereka maola angati? Ndinatenga foni n'kuwerengera. Maola anayi pa sabata, masabata 48 pa chaka, zaka 35, kuchotsapo miyezi ya Covid. Anapitirira 6,000. Ndinalemba monyadira. Kenako chala chinangopitiriza chokha, ndinawerengeranso a amayi anga. Kuyambira 1991, usana ndi usiku, chifukwa khunyu silisankha ola ndipo amayi amagona khutu lili kuchipinda chake. Nambala imene inatuluka inali yoposa 289,000. Ndinaifufuta msangamsanga ngati ndaona chinthu chosayenera kuona. Pa fomu palibe malo a mayi wosamalira mwana wake. Amenewo kuno sawatcha mavolontiya, ndipo mwina akulondola, poti volontiya ndi munthu amene akhoza kunena kuti lero sindibwera.

Koma ndi kumudzi komwe alipo oti akhoza kukana, koma sakana. Pali mayi wina wa Mvano woyandikana nafe amene amakhala ndi mlongo wanga amayi akapita kumaliro kapena kuchigayo. Ndi yekhayo wakunja amene saopa malovu ake, amene amadziwa kumugoneka chammbali akagwa, osamulowetsa supuni m'kamwa. Pali mnyamata wa kabaza amene akamupeza akuyenda yekha kumsika amamukweza n'kumubweretsa kunyumba, ndalama osafunsa. Mu February 2014 ku Lilongwe kunachitika msonkhano waukulu wa atsogoleri a mu Africa pa nkhani ya ulumali, oitanitsa anali Pulezidenti Joyce Banda ndi a Special Olympics. Ine ndinali mumzindamo ndipo ndinaumvera pa wailesi. Mayi wa Mvano uja sanaumve. Mwezi umenewo ankagona kwathu, chifukwa amayi anali atagonekedwa ndi BP.

Tibwerere ku kalata ija. A komiti anaganiza zongotseka kalabu Lachinayi limenelo kuti tonse tikawaperekeze Agogo. Msungichuma atalengeza m'holo, a Kapitawo anaika pansi mpando umene ananyamula n'kufunsa ngati Covid yabweranso. Mtsikana wina amene salankhula ndi pakamwa, amagwiritsa ntchito zizindikiro za manja za Makaton, anayamba kumenya tebulo ndi chikhatho. Agogo anatuluka kukhitchini akupukuta manja pa epuloni.

"Akundipatsa mphoto chifukwa chotsegula holo Lachinayi," anatero. "Ndiye nditseke holo Lachinayi kuti ndikailandire?"

Panalibe woyankha. Anandiyang'ana ine. "Upite ndiwe, mwana wanga. Uli ndi zovala zokongola zija."

Ndinavaladi diresi langa lachitenje limene anandisokera telala wa ku Area 25, ndi duku lake. Mwambo unali ku hotela. Kapeti wofewa ngati ukuponda thonje, mafoloko atatu munthu mmodzi, koma chakudya chake choti kwathu ungapatse wodwala amene wangoyamba kumene kudya. Kutsogolo kunakhala mkulu wina wovala tcheni chagolide pakhosi. Anandikhazika tebulo limodzi ndi msungichuma wathu ndi anthu a gulu lina lophikira osowa pokhala.

Ndisaname, zina zinandigwira mtima. Bambo wina amene wakhala akuyendetsa minibasi ya anthu aulumali zaka 20 atamva dzina lake analira ngati mwana, akazi ake akumusisita kumsana. Unkachita kuona kuti munthu ameneyu chibadwire sanaomberedwepo m'manja. Amene amati mphoto ndi zachabechabe sanaone nkhope ngati imeneyo, ndipo ine amene ndinabwera ndi mtima wonyoza ndinaombera nawo mpaka zikhatho kuwawa.

Koma zolankhula zinanditopetsa. Aliyense wokwera pa nsanja ankati odziperekawa ndi angelo, ndi oyera mtima, ndi ngwazi. Ukamutcha munthu mngelo chifukwa chomwa tiyi ndi a Kapitawo, ndiye kuti a Kapitawo wawatcha chiyani? Mtanda? Ine Lachinayi ndimafika ku holo ndili wotopa, msana ukuwawa, mtima uli pa ana anga. M'kalabumo muli mayi wina amene amasunga pamtima tsiku lobadwa la aliyense, sawerenga koma masiku samuphonya. Mu March anandipatsa khadi la mwana wanga wamkazi, mwana amene sanamuonepo, amene ndinangomutchula kamodzi chaka chapitacho. M'dziko lonse lino, kuchotsapo ine, ndi munthu mmodzi yekhayo amene akudziwa tsiku limene mwana wanga anabadwa. Tikati tikhale pansi tiwerengere amene akusamalira mnzake Lachinayi, sindikuona kuti ine ndingatuluke ndi mapiko.

Pa sikirini ankaonetsa zithunzi za anthu othandizidwa, onse akumwetulira, kanyimbo kachisoni kakulira pansipansi. Pa nsanjapo sipanakwere ndi mmodzi yemwe wa iwo. Ndinayamba kudzudzula okonza mwambowo chamumtima, ndikukonza kale mawu oti ndidzalembe pano. Ndili mkati mokwiya choncho ndinakumbukira kuti fomu ndinadzaza ndine. Panalibe mzere woletsa kulemba dzina la a Kapitawo. Maola anayi pa sabata, zaka 11, osalipidwa, oti akhoza kukana koma sakana. Pa fomupo ndinawalembadi, koma m'bokosi la anthu amene apindula ndi ntchito ya Agogo. Ine amene, mlongo wake wa "iwe" uja. Kanyama ka nkhuku kanandiima pakhosi.

Dzina la Agogo litatchulidwa ndinapita kutsogolo, miyendo ikunjenjemera. Anandipatsa chigalasi chosongoka pamwamba, cholemera ngati mwala wopera. Agogo anali atandipatsa kapepala kuti ndikawerenge, ndipo ndinali ndisanakatsegule. Panali mizere iwiri: "Pepani sindinabwere, ndili ku kalabu. Tikusowa munthu wa galimoto woti azitenga anthu atatu, ndiponso ketulo yathu ikudontha." Anthu anaseka kwambiri, ankayesa nthabwala. Wa galimoto sitinamupeze mpaka lero. Ketulo yatsopano inabwera patapita masabata awiri, kuchokera kwa mayi wina amene anali m'chipindamo.

Sindinadikire zotsekemera. Ndinakwera takisi chigalasi chili pamiyendo, ndipo ndinafika ku holo kutatsala mphindi 10 kuti 9 ikwane. Nyimbo inkamvekera panja. Nditalowa ndinapeza gule ali pakati, Agogo atakhala pa mpando wawo wa pafupi ndi chitseko akuomba m'manja mosemphana ndi ng'oma monga mwa masiku onse. Ndinawagwadira pang'ono powapatsa, monga timachitira kwathu, iwo n'kundiuza kuti ndidzuke ndisadetse diresi. Anachitembenuza chigalasicho, anawerenga dzina lawo, anati alilemba bwino. Kenako chinayenda m'manja mwa aliyense. Wina anachipsompsona. Wina anafunsa ngati angamwere madzi.

A Kapitawo anachilandira pomaliza. Anandiuza kaye kuti ndachedwa. Kenako anachiyesa kulemera, anayang'ana uku ndi uku, n'kupita nacho pa kawindo kamene timaperekera tiyi. Kachitseko ka windo limenelo kanathyoka ndowe kalekale, ndipo nthawi zonse timakachirikiza ndi chitini cha nyemba. Anachotsa chitini n'kuikapo mphoto. Inakwana ndendende. Msungichuma anafuna kunena kanthu, Agogo anamugwira mkono. Ili pomwepo mpaka pano, ndipo Lachinayi lililonse pomaliza a Kapitawo amaipukuta n'kuitsekera m'kabati ya mabisiketi. Chaka chino fomu ndadzazanso, dzina ndi la a Kapitawo. Nditawapempha chilolezo anangofunsa funso limodzi: mwambowo udzakhala tsiku lanji?

Lamlungu lotsatira mwambo wa ku hotela uja ndinaimbira amayi pa WhatsApp, pa foni ya mdzukulu wawo. Ndinawafotokozera zonse, mafoloko atatu, tcheni chagolide, chigalasi chochirikiza windo. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye azunguwo amapatsana mphoto yolera mwana wako yemwe?"

Ndinawauza kuti mwana wa agogowo anamwalira zaka 13 zapitazo, koma holo amatsegulabe. Foni inakhala chete, ndinkangomva nkhuku kumbuyoko.

"Aa," anatero pomaliza. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ameneyo apatseni ndithu." Kenako anafunsa zaka zawo. Nditanena kuti 79, anati, "Nanga makiyiwo adzasiyira yani?"

Ndinati a komiti akukambirana, ngakhale palibe amene wayamba wayerekeza kuwafunsa. Amayi ali ndi zaka 67 ndipo BP ija sinawasiye. Onse awiri tinkadziwa kuti funsolo silikunena za holo yokha, ndipo onse awiri tinalilumpha n'kuyamba kukamba za mtengo wa chimanga.

Kenako ndinamva kulimbirana foni, ndipo nkhope ya mlongo wanga inadzaza sikirini yonse, mphuno yokha ndi diso limodzi. Ndinamupatsa moni wa akulu, "Muli bwanji, achimwene?" Anatembenuka kuyang'ana kumbuyo kuti aone amene ndikulankhula naye. Atapeza kuti kulibe munthu anapendeketsa mutu, n'kundiuza kuti mabatire a wailesi yake atha, ndipo ulendo uno ndisatumize ang'onoang'ono aja.